Maluwa a m'chilimwe ku Angónia: wa pa njinga ndiye amawaona

ULÓNGUÈ — Tambala wachiwiri akangolira kumayambiriro kwa mwezi wa Setembro, misewu yolowa m'tauni ya Ulónguè imayamba kumveka mabelu. Njinga zimatulukira mbali zonse. Ina yasenza matumba awiri a mbatata ya kachewere, ina dengu la matimati lovundikira ndi masamba a nthochi, ina mbuzi yomangidwa miyendo ikulira pa keriyala, ndipo ina yanyamula mayi ndi khanda kumsana akuthamangira kusikelo. Mphepo ya m'mawa imakhala ikadali yozizira, fumbi lisanadzuke, ndipo utsi wa moto wa dzulo utagona m'zigwa ngati nkhungu.

Pofika nthawi imeneyi mvula imakhala italeka miyezi inayi kapena isanu yapitayo. Udzu wauma, m'minda mwatsala mapesi okhaokha, ndipo timitsinje tina taphwa. Koma mlendo amene angafike akuganiza kuti dziko lafa adzadabwa ndithu. Kuseri kwa nkhokwe, m'mbali mwa khola la ng'ombe ndi pa mpanda wa sukulu, mitengo ya pichesi yopanda ndi tsamba limodzi lomwe imakhala itavala maluwa ofiira motuwira kuyambira nthambi za m'munsi mpaka kunsonga. Mango nawo amakhala atasenza ngala za maluwa, ndipo fungo lake limamveka munthu akadali patali.

Apwitikizi nyengo imeneyi amaitcha primavera. Kwawo ku Ulaya imadza m'miyezi ya Março, Abril ndi Maio, chisanu chikatha. Kuno kum'mwera kwa dziko lapansi zinthu zimatembenuka: imadza m'Setembro, Outubro ndi Novembro. Makolo sadaipatse dzina lapadera, adangoiika m'kati mwa chilimwe, koma ankaidziwa bwino. Poona mphukira m'mitengo ankadziwa kuti nthawi yosula makasu, yofolera nyumba ndi yososa m'minda yakwana.

Chifukwa chiyani mitengo iphuka mvula isanagwe?

Funsoli ana amafunsa kawirikawiri, ndipo akulu ambiri amangoyankha kuti ndi mmene Mulungu adalengera. Yankho limeneli silolakwa, komabe pali zina zoti munthu adziwe.

Ulónguè ali pamtunda wa mamita pafupifupi 1,300 kuchokera pa nyanja yamchere, Tsangano ali pamwamba kuposa apo, ndipo phiri la Dómuè limapitirira mamita 2,000. Mzinda wa Tete, m'mbali mwa Zambezi, uli pansi kwambiri, sufika ndi mamita 200 omwe. Munthu akakwera mamita 1,000, kutentha kumatsika ndi madigiri pafupifupi 6. Ndicho chifukwa chake m'mwezi wa Outubro ku Tete kutentha kumapitirira madigiri 40 pamene wa ku Tsangano usiku akufundabe bulangete.

Kuzizira kumeneku ndiko chuma cha pichesi. Mtengowu kwawo ndi ku China, ndipo uli ndi khalidwe lake: umayoyola masamba onse, n'kugona m'nyengo yozizira, ndipo sudzuka bwino ngati sunazizidwe mokwanira. Akatswiri a zaulimi amawerenga maola amene kuzizira kwatsikira pansi pa madigiri 7, popeza mtundu uliwonse wa pichesi uli ndi maola ake amene umafuna. Chisanu cha Junho ndi Julho chikakwanira, kenaka kunja n'kuyamba kufunda, maluwa amatuluka nthawi imodzi masamba asanabwere. Motero wobzala pichesi ku Moatize kapena ku Changara amangotaya madzi ake, pamene wa ku Tsangano ngakhale ataya nthanga kudzala imamera n'kubala.

Mitengo ya m'tchire nayo ili ndi njira yake. Mombo, tsamba ndi mchenga ili ndi mizu yozama imene imafika pa chinyezi chotsala pansi, ndiponso imasunga chakudya m'mizu ndi m'thunthu kuchokera m'dzinja lapita. Kukayamba kutentha imatulutsa masamba anthete ofiira, ena ngati magazi, ena ngati mkuwa, amene pakapita masabata ochepa amasanduka obiriwira. Kufiirako kumateteza tsamba lanthete ku dzuwa. Woona phiri ali patali amayesa maluwa, chonsecho ndi masamba. Mvula ikamafika, mtengo umakhala utakonzeka kale kuigwiritsa ntchito.

Liwiro loyenera maso

Wokwera galimoto zonsezi amaziona ngati loto. Amakhala atapanikizana ndi anzake, mazenera ali otseka kaamba ka fumbi, ndipo mtima uli pa katundu wake ali padenga. Woyenda pansi amaona bwino, koma pa ola limodzi amangoyenda makilomita 5, ndiye dzuwa likakwera maso amakhala pa mapazi. Wa pa njinga ali pakati. Pa ola limodzi amatha makilomita 12 kapena 15 osadzipha, mphepo ikumuomba kumaso, fungo lililonse likumupeza, ndipo akafuna kuima amangotsitsa phazi. Akulu adati kuona maso a nkhono n'kudekha.

Amene amapalasa njira imodzimodzi tsiku ndi tsiku, monga aphunzitsi, ana a sukulu, akatekisita, alangizi a zaulimi ndi ogulitsa mkaka, amadziwa ndondomeko ya maluwa ngati mmene amadziwira zitunda ndi mitsetse ya njirayo. Deliya wachikasu wa m'mbali mwa msewu amakhala atatha kale m'masika. Oyamba m'chilimwe ndi mango ndi pichesi. Pamodzi nawo pamabwera muwale, mtengo wa makungwa okhakhala ndi minga, umene umatulutsa maluwa ofiira ngati makala a moto pa nthambi zopanda masamba. M'mawa timbalame ta milomo yaitali totchedwa choso timadzazana pamenepo kuyamwa timadzi totsekemera. Kenaka mlombwa, umene amatabwa amautcha umbila, umaonetsa maluwa achikasu onunkhira. M'mbali mwa mitsinje mvunguti umalendewetsa maluwa akuluakulu ofiira moderapo amene amatseguka usiku. Alendo ake ndi mileme, ndipo wa pa njinga m'mawa amangowapeza atagwa pansi.

Setembro akamapita kumapeto, pa mamishoni, pa sukulu ndi m'misewu ya matauni pamayamba jakaranda. Maluwa ake ali ndi mtundu wa mankhwala a jivi aja opaka pa zilonda, koma otuwirapo, ndipo akayamba kuyoyoka pansi ponse pamakhala ngati ayalapo nsalu. Mtengowu ndi mlendo, kwawo ndi ku Argentina ndi Bolivia. Amene adapitako ku Harare kapena ku Pretoria m'mwezi wa Outubro amasimba za misewu yathunthu yokutidwa ndi maluwa amenewa. Koma wa pa njinga achenjere: maluwa a jakaranda akanyowa amaterera ngati therere, ndipo womanga mabuleki mwadzidzidzi pamenepo amadzuka ali ndi zilonda m'mawondo.

Njinga ilinso ndi ubwino wina umene galimoto ilibe, ndiwo moni. Wopalasa akaona agogo akusesa pansi pa mtengo wa pichesi amachepetsa liwiro, kapena kutsika kumene, n'kufunsa mmene adzukira. Nkhani ikafika pa mtengowo, kuti udabzalidwa liti ndipo zipatso zake n'zotsekemera bwanji, kawirikawiri mlendoyo amachoka atalonjezedwa nthambi yokamezanitsa. Mitundu yambiri ya zipatso ndi maluwa idafalikira m'midzi mwa njira yotereyi, itakulungidwa m'chisanza chonyowa n'kumangidwa pa keriyala.

Mitengo imene idadikira eni ake

Kwa achikulire a ku Angónia, Tsangano ndi Macanga, maluwa a m'chilimwe ali ndi tanthauzo lina limene achinyamata salidziwa. M'zaka za nkhondo, makamaka kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1980, midzi yambiri idatsala yopanda anthu. Anthu opitirira miliyoni imodzi a dziko lino adathawira ku Malawi, ndipo ambiri a m'dera lino adakhala ku Dedza ndi ku Ntcheu, ena pamalo poti akakwera chulu ankaona mapiri a kwawo.

Pangano la mtendere lidasainidwa ku Roma pa 4 Outubro 1992 ndi Joaquim Chissano ndi Afonso Dhlakama, m'nyengo yomweyi ya maluwa. M'zaka za 1993 ndi 1994 anthu adabwerera mwaunyinji, ena pa malole, ena wapansi, ena akukankha njinga zosenza mphasa, mapoto ndi mbewu. Adapeza nyumba zitagwa, nkhokwe zitadyedwa ndi chiswe, njira zitamera tchire. Chimene chidawathandiza kuzindikira pa bwinja pawo ndi mitengo ya zipatso. Mango ndi mapichesi amene adabzala makolo adali chiimire, akuphuka ndi kubala chaka ndi chaka popanda wothyola. Pokambirana za malire pamaso pa mfumu, mtengo wobzalidwa udali mboni yosanama.

M'zaka zoyambazo munthu sankapatuka m'njira mwachisawawa, ngakhale ataona duwa lokongola bwanji, poopa mabomba okwirira pansi. Ntchito yowazula idatenga zaka zoposa 20, ndipo boma lidalengeza pa 17 Setembro 2015 kuti malo onse odziwika ayeretsedwa. Lero mwana wa sukulu akhoza kugoneka njinga yake m'mbali mwa njira n'kulowa patchire kukathyola duwa. Kwa iye ndi chinthu wamba. Kwa agogo ake ndi chimodzi mwa zipatso za mtendere.

Kudimba duwa ndi ndalama

Alipo amene amanena kuti maluwa ndi zinthu za azungu ndi masisitere, popeza duwa silidyedwa. Mlimi wa kudimba sangavomereze mawu amenewa. M'chilimwe, pamene minda ya kumtunda ili gwa, madimba a m'madambo amakhala obiriwira, ndipo m'menemo muli maluwa amene banja lonse likuwayang'anira: oyera a nyemba ndi nsawawa, achikasu a matimati, a mpiru wosiyidwira mbewu, ndi chiluwe cha maungu.

Chiluwe ndicho chimaphunzitsa bwino. Pa chomera chimodzi cha dzungu pamakhala maluwa aamuna ndi aakazi. Lachimuna lili ndi phesi lalitali lowonda, ndipo ndi amene amayamba kutuluka ndi kuchuluka. Lachikazi lili ndi kadzungu kakang'ono kunsi kwake. Kadzunguko sikakula pokhapokha njuchi itatenga ufa wachikasu wa m'duwa lachimuna n'kukausiya m'duwa lachikazi, ndipo ntchitoyi imachitika m'mawa wokha chifukwa dzuwa likakwera maluwawo amatseka. Mayi wodziwa amathyola chiluwe cha ndiwo dzuwa litakwera, amasankha chachimuna chokha, ndipo amasiyako china. Wothyola chonse mbandakucha amadya ndiwo yokoma lero, koma mawa adzadabwa kuona timaungu tikufota n'kugwa.

Mbatata ya kachewere, imene yatchukitsa Angónia ndi Tsangano mpaka ku Tete, Chimoio ndi Beira, sifuna njuchi kuti ibereke pansi. Komabe duwa lake, loyera kapena lofiirira, ndi uthenga kwa mlimi. Likaoneka ndiye kuti pansi mbatata zayamba kukula, ndipo imeneyo ndi nthawi imene mbewuyo sifuna kusowa madzi. Wochedwa kubandira kapena wodumphitsa masiku othirira pa nthawi imeneyi amakolola timbatata tating'ono, tina tobiriwira chifukwa choombedwa ndi dzuwa.

Vuto limene lakula m'madimba ndi la mankhwala ophera tizilombo. Mlimi akaona mbozi pa kabichi kapena pa matimati amathamangira kupopera, nthawi zambiri m'mawa dzuwa litangotuluka, pamene njuchi zili pa ntchito. Mankhwalawo sasankha. Amapha mbozi, amaphanso njuchi, ndipo njuchi imauluka makilomita 3 kapena kupitirira pofuna chakudya, kotero kuti wopopera dimba limodzi akhoza kuononga mng'oma wa munthu wa mudzi wina. Alangizi amalangiza kupopera madzulo njuchi zitabwerera, kupewa kupopera pa maluwa otseguka, ndi kusatsuka pampu mumtsinje kapena pachitsime pamene njuchi ndi anthu amamwa. Bungwe la United Nations lidafika poika tsiku la 20 Maio kukhala lokumbukira njuchi, kuyambira mu 2018, poona kuti mbewu zambiri zimene anthu amadya zimadalira tizilombo totere.

Mmera mpoyamba

Mtengo wa pichesi wodzaza maluwa umakondweretsa maso, koma sikuti duwa lililonse lidzafika mudengu. Amene amapeza ndalama ndi zipatsozi amayamba ntchito maluwa asanatuluke. M'Junho kapena Julho, mtengo uli m'tulo, amadula nthambi zouma, zodwala ndi zopingasa, n'kusiya pakati potseguka ngati mbale kuti dzuwa ndi mphepo zilowe. Pichesi amabala pa nthambi zimene zidamera chaka chatha, choncho mtengo wosadulira umathawitsira zipatso kunsonga, kumene ana amazigwetsa ndi miyala.

Maluwa akayamba kuyoyoka ndipo tizipatso tayamba kuoneka, mtengo umafuna madzi, ndipo imeneyi ndiyo miyezi youma kwambiri. Ndowa ziwiri kapena zitatu pa sabata zimathandiza mtengo waung'ono, makamaka ngati patsinde aphimbirapo udzu kapena mapesi, mosagunda thunthu poopa chiswe. Tizipatso tikafika kukula ngati nsonga ya chala, mlimi amapatulira, kusiya mpata wa chikhatho chimodzi pakati pa chipatso ndi chinzake. Ambiri zimawawawa mtima kutaya zipatso ndi manja awo, koma mtengo wosapatulira umabala tizipatso tambiri tating'ono timene pamsika amagula mwachifundo, ndipo nthambi zina zimathyoka.

Mdani wamkulu ndi kantchentche kamene kamaboola khungu la chipatso n'kuikira mazira m'kati. Kunja pichesi amaoneka bwino, koma womuluma amapeza mphutsi. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Mphutsizo zikakhwima zimatuluka m'chipatso chogwa, n'kulowa m'dothi, n'kudzatulukanso ngati ntchentche zatsopano. Choncho mankhwala osalira ndalama ndi kutola zipatso zonse zogwa tsiku ndi tsiku n'kuzikwirira m'dzenje lakuya theka la mita. Ntchitoyi imapindula mudzi wonse ukaichita pamodzi, pakuti ntchentche sidziwa malire.

Mtengo wochokera ku nthanga umayamba kubala pakapita zaka 3 kapena 4, koma kawirikawiri sufanana ndi mayi wake. Wofuna zipatso zonga za mtengo umene adaukonda ayenera kumezanitsa nthambi yake pa mbande yomera kunthanga. Luso limeneli silifuna sukulu yaikulu: mpeni wakuthwa, kapulasitiki komangira, ndi munthu mmodzi woonetsa.

Maluwa a pakhomo

Pali maluwa enanso amene sagulitsidwa, koma amasintha nkhope ya khomo. M'mabairo a Ulónguè ndi m'midzi yomwe, amayi ambiri amabzala m'zitini zakale, m'miphika yobooka, m'mabeseni othyoka ndi m'matayala akutha. Sagula mbewu. Amapemphana tinthambi pochokera kutchalitchi kapena kuchigayo, ndipo duwa limodzi limatha kuyenda bairo lonse.

Madzi ndiwo amavuta m'chilimwe, popeza mayi amene wasenza ndowa kuchokera kumjigo sangaithire pa duwa mwana asanasambe. Odziwa amagwiritsa ntchito madzi kawiri: otsukira ndiwo, otsukuluzira mbale ndi osambira opanda sopo wambiri amathera pa maluwa ndi pa mitengo. Amathirira madzulo kuti dzuwa lisamwe madziwo, ndipo amasankha mbewu zopirira. Buganivila, amene kwawo ndi ku South America, amakongola kwambiri akamva ludzu. Womuthirira kwambiri amangopeza masamba. Zofiira zimene anthu amazitcha maluwa ake ndi masamba osintha mtundu, duwa lenileni ndi kanthu koyera kakang'ono pakati pake. Amamera ndi nthambi yodula, ndipo minga yake imabweza mbuzi. Muwale nawo ukadulidwa chikuni n'kuzikidwa pansi mvula ili pafupi umaphuka, motero umapanga mpanda wamoyo umene chiswe sichigwetsa.

Maluwa achikasu a fungo lamphamvu aja, amene Apwitikizi amati cravo-de-defunto, ali ndi ntchito ina. Mizu yake imachepetsa tinyongolotsi tosaoneka ndi maso timene timatupitsa mizu ya matimati. Mlimi akawabzala mothithikana pa bedi nyengo imodzi, n'kudzabzalapo matimati pambuyo pake, amaona kusintha.

Khomo la maluwa silisowa alendo. Pa ukwati, pa ubatizo ndi pa chikondwerero cha kusukulu anthu amakapempha kumeneko. Pa maliro, atsikana amatumidwa komweko kukathyola zolukira nkhata. Ndipo pa 2 Novembro, tsiku limene Akatolika amakumbukira omwalira, njinga zambiri zimaoneka zikulowera kumanda zitamanga maluwa pa mahandulo.

Njinga yomweyo isenza makala

Nkhani ya maluwa ikadathera pamenepa ikadakhala yokoma, koma wa pa njinga amaonanso zina. Miyezi imene mitengo ikuphuka ndi yomwenso moto umalusa. Wina watentha kuti asake mbewa, wina kuti ng'ombe zipeze msipu watsopano, wina posafuna kuvutika ndi kusosa, winanso wangotaya kanthu ka fodya. Moto wa m'Maio kapena Junho, udzu ukadali ndi chinyezi, umayenda pansipansi. Koma wa m'Setembro ndi Outubro umakwera mpaka kunsonga, n'kupsereza mphukira, maluwa, zisa za mbalame, ming'oma ndi timitengo tonse tating'ono. Mphepo ikatembenuka umalowa m'mudzi. Lamulo la nkhalango la 1999 lidaika kutentha tchire mwadala m'gulu la milandu, ndipo mafumu akhala akudzudzula mchitidwewu, komabe usiku wa chilimwe mapiri amaonekabe atavala mikanda ya moto. Khomo lanzeru limalambula mozungulira nyumba, nkhokwe ndi mitengo ya zipatso chilimwe chisanafike pakati.

Chinanso ndi makala. M'gulu la njinga zolowa m'tauni m'mawa muja, zambiri zimakhala zitasenza matumba awiri kapena atatu, mwini wake akukankha pa chitunda thukuta lili kamukamu. Palibe amene angamunyoze munthu ameneyu, pakuti akufuna sopo, mchere ndi makope a ana, ndipo amene amagula makalawo ndi omwewo amene amadandaula za kutha kwa mitengo. Koma zoona zake n'zakuti thumba lililonse la makala limadya nkhuni zolemera kasanu kapena kupitirira apo, ndipo mitengo imene imatulutsa makala abwino ndi mombo, tsamba ndi mchenga, yomwe ija imafiiritsa mapiri m'Setembro. Ikatha, uchi umachepa, bowa wa m'dzinja amene amamera pa mizu yake amasowa, mphalabungu ndi matondo sizionekanso, ndipo akasupe othirira madimba amaphwa msanga. Owotcha makala eni ake ndi mboni: ulendo wokapeza mitengo ukutalikira chaka ndi chaka.

M'nthawi ya utsogoleri wa Armando Guebuza, kuyambira 2005 mpaka 2015, boma lidalimbikitsa kuti mwana wa sukulu aliyense abzale mtengo ndipo mfumu iliyonse ikhale ndi nkhalango yake. Pamene mbande zidatetezedwa ku mbuzi ndi moto, lero pali mthunzi. Pamene zidabzalidwa tsiku la mwambo lokha n'kuiwalika, patsala maenje. Phunziro lake n'lakuti kubzala ndi ntchito ya tsiku limodzi, kulera ndi ntchito ya zaka. Ndiponso mitengo ya m'tchire ili ndi mwayi umodzi: chitsa cha mombo sichifa msanga. Chikatetezedwa ku moto ndi ziweto, n'kupatulira mphukira zake kusiya ziwiri kapena zitatu zamphamvu, chimabwerera kukhala mtengo mofulumira kuposa mbande ya m'chubu.

Kusamala kavalo wachitsulo

Njinga ya mawilo awiri ofanana ndi tcheni, monga ikudziwikira lero, idayamba ku England mu 1885, ndipo tayala lopopa lidatchuka kuyambira 1888 ndi John Boyd Dunlop. Zambiri zimene zadzaza m'misewu ya kuno ndi zochokera ku India ndi China, monga Hero ndi Phoenix. Sizimwa petulo, sizifuna msewu wa tala, ndipo pansi pa mtengo uliwonse waukulu pamsika pali mmisiri wodziwa kuzikonza.

Chilimwe chili ndi mavuto ake pa njinga. Fumbi likasakanikirana ndi mafuta limadya tcheni ngati tupa, choncho ndi bwino kulipukuta ndi chisanza musanadonthezedwe mafuta atsopano, ndipo mafutawo akhale ochepa. Minga imachuluka m'njira, makamaka pamene wina wadulira buganivila kapena mthethe n'kutaya nthambi pamsewu. Wa ulendo wautali asasiye pampu, zigamba ndi guluu. Sipoko imodzi ikaduka ikonzedwe msanga, chifukwa zinzake zimatsatira ndipo wilo limapindika. Mabuleki ndiwo moyo: mitsetse ya ku Tsangano ndi ku Dómuè siseweretsa munthu amene wasenza matumba awiri n'kumadalira chidendene.

Pa msewu wa tala wochokera ku Mussacama kudzera pa Ulónguè kukafika kumalire a Calómuè pamadutsa malole akuluakulu. Wa pa njinga ayende kumanzere, m'mphepete, asayende mondondozana awiriawiri akucheza, ndipo kukada avale zoyera ndi kukhala ndi nyali kapena zonyezimira kumbuyo. Wofuna kuyang'ana maluwa aime kaye. Mtengo suthawa.

Chizimalupsa chikagwa

Outubro akafika pakati, nyenje zimalira tsiku lonse, akamvulumvulu amazunguza mapesi m'minda, ndipo mitambo imayamba kusonkhana kumadzulo. Tsiku lina chizimalupsa chimagwa, fungo la dothi lonyowa n'kudzaza ponseponse. Pakapita masiku ochepa, pa lupsa lakuda bii pamatuluka duwa lofiira lozungulira ngati mpira, lopanda masamba, litaima pa phesi limodzi. Ana amakonda kulithyola, koma akulu awachenjeze kuti chinthu chonga anyezi chimene chili kunsi kwake ndi chakupha, sichidyedwa.

Pamenepo nyengo ya maluwa a m'chilimwe imakhala ikutha. Anthu amatembenukira ku mizere, mbewu ndi feteleza, ndipo njira zimene zidali fumbi zimasanduka matope omata m'madigadi. Walira mvula walira matope. Koma m'Novembro ndi Dezembro njinga zomwe zija zimayamba kutsika m'mapiri zitasenza madengu a mapichesi ndi mango, kupita kumsika wa Ulónguè, ku Calómuè, ku Lizulu ndi ku Biri-Biri. Wogula amasankha, amanenerera mtengo, n'kulipira mametikali ake. Mwini dengu yekha ndiye amadziwa kuti chipatso chilichonse chidali duwa m'Agosto, ndipo chidapulumuka ku chisanu, ku moto, ku mbuzi ndi ku ntchentche chifukwa padali wina amene ankaliyang'anira podutsa m'mawa uliwonse.